Diresi limene amayi anapita nalo

Mawu akuti fashoni ine ndinayamba kuwamva ngati chitonzo. Kwathu ku Kamushanga, amayi akaona mtsikana akudutsa pamsewu ndi thalauzi lothina, ankangopukusa mutu n'kuti, "Za fashoni izo." Basi, mlandu watha. Kwa iwo fashoni chinali chinthu chobwera pa basi kuchokera ku Lusaka, chimakhala miyezi ingapo, kenako n'kukathera pa mulu wa salaula, zovala zakaunjika zija, kumsika. Ife ana obadwira mu Kabwe tinkawamva mwina. Kwa ife fashoni chinali chilichonse chimene anzako ali nacho koma iwe ulibe, kaya ndi nsapato, tsitsi, ngakhale kayendedwe. Ndipo mawu amenewa ali ndi khalidwe loipa. Akangotuluka pakamwa pa munthu, nkhani yathera pomwepo. Ukatsutsa, ndiwe wakumudzi.

Amayi anali akumudzi ndithu, ndipo sankachita nazo manyazi. Anachokera ku Katete potsatira abambo atapeza ntchito kunjanji. Analowa m'chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu ine ndisanabadwe. Yunifomu yawo inali bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Ankaichapa okha, kuisita okha. Ine ndinayesapo tsiku lina kuwathandiza, anandilanda nsimbi m'manja ngati ndagwira mwana wakhanda ndi dzanja limodzi.

Kwa amene sakudziwa mwambo wathu, mayi wa chigwirizano akamwalira amavekedwa ndi amayi anzake, ndipo amapita m'yunifomu yake. Amene amaikidwa m'zovala zina ndi uja anadulidwa mumpingo chifukwa cha tchimo, n'kumwalira asanabwerere. Palibe amene amalengeza zimenezi pamaliro. Anthu amangoona m'bokosi, n'kudziwa okha.

Amayi atayamba kudwala, amene ndinkawasamala ndine, chifukwa ukwati wanga unali utatha ndipo ndinali nditabwerera pakhomo. Masana ena ndikuwadzoza mafuta kumapazi pakhonde, anandikoka khutu ngati kale.

"Iwe, wamva? Ndikapita usadzalole kuti andiveke za fashoni. Yunifomu yanga ili m'sutikesi pansi pa bedi, yosita kale."

Ndinaseka. "Amayi, inunso ndi nkhani zanu. Ndani angakuvekeni za fashoni inu?"

"Usaseke. Lonjeza."

Ndinalonjeza mosavuta, ngati munthu akulonjeza kuti mawa kucha. Ine ndine wapakamwa, a ku Kamushanga onse amadziwa. Ndinkati ndani angandiime kutsogolo pa nkhani ya amayi anga?

Anamwalira m'mawa kuchipatala. Pofika masana achimwene anga aakulu anali atafika kuchokera ku Lusaka ndi akazi awo. Kuntchito kwa achimwene kuli dongosolo la maliro, choncho thupi linatengedwa ndi kampani ina yokonza maliro m'tauni. Ine ndinali ndisanapukute n'komwe misozi pamene alamu anga anandiitanira kuchipinda, foni ili m'manja. Anandionetsa zithunzi. Diresi loyera lalitali, lamikanda pachifuwa, magolovesi, ndi wigi. Kenako anati, m'kalankhulidwe kawo ka ku Lusaka:

"Mulamu, ona iyi. Ba mami afunika kuoneka bwino, bantu bazajambula."

Ndinawauza za yunifomu. Ndinawauza za lonjezo. Ndinawauza zimene anthu amaganiza mayi wa chigwirizano akapita wopanda yunifomu.

"Awe, mulamu, izo ni zakudala. Iyi ndiye fashoni manje. Ku Lusaka kulibe amene aika amayi ake monga ayenda ku misonkhano."

Ndinatuluka kukafuna achimwene kwa azibambo pansi pa tenti, ndinagwada monga mwa ulemu, n'kuwapempha kuti tilankhule pambali. Anandimvetsera akuyang'ana foni yawo. Nditamaliza anati, "Iwe, usayambitse phokoso pamaliro. Alamu ako akonza kale zonse. Kodi ukufuna anzanga akuntchito azidzati chiyani?" Ndinati amayi ananena okha. Anati, "Ananena kwa iwe. Kwa ine sananene." Mboni yanga inali itagona kumotchale.

Sindinagonje msanga ayi. Mawa lake ndinatenga yunifomu ija m'sutikesi, ndinaiika m'pulasitiki, n'kupita kwa amayi amene amatsogolera chigwirizano pampingo pathu. Anandimvera chisoni, misozi inalengeza m'maso mwawo, koma anati, "Mwana wanga, ife timaveka tikaitanidwa ndi banja. Mwana wamwamuna wamkulu akakana, sitingathyole chitseko." Ndinakwera minibasi mpaka ku kampani kuja ndekha. Mtsikana wa pa desiki, waulemu wake bwinobwino, anatsegula buku n'kuti amene anasaina ndiye yekha angasinthe. Ndinamupempha kuti ngakhale duku lokha. Anati duku liwononga wigi. Ndinamukalipira, Mulungu andikhululukire, mwana wa eni ake amene ankangogwira ntchito yake. Ndinakuwa mpaka mlonda anabwera kudzandiperekeza kugeti. Pakamwa panga paja ndimanyadira panangondithandiza kuti anditulutse msanga.

Tsiku loika, m'mawa, anafika amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, kuchokera ku Katete. Anali atayenda ulendo wonsewo pa basi ndi miyendo yawo yotupa, ndipo anatsika atavala kale yunifomu yawo ya chigwirizano. Ndinafuna kuwachenjeza, koma anthu anawazungulira ndi kulira, kenako magalimoto ananyamuka kupita kutchalitchi.

Bokosi litatsegulidwa kuti anthu aone nkhope, nanenso ndinapita kukaona. Mayo ine! Amayi anga, amene moyo wawo wonse ankadzola mafuta wamba, anali atawapaka ufa kumaso ndi zofiira pamilomo. Wigi inagwera paphewa. Mikanda inkanyezimira. Ankaoneka bwino, sindinganame, koma ankaoneka ngati mayi wina wolemera amene sindinamuonepo. Anzawo a achimwene ankadutsa akugwedeza mitu mokhutira. Ndinamva wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti awa ndiye maliro amakono. Amayi a chigwirizano a pampingo pathu ankaimba maso ali pansi.

Amayi aakulu anafika pabokosi akutsimphina. Anaima nthawi yaitali mpaka mzere unaima. Sanalire. Atachoka pamenepo sanabwerere pamalo pawo, anabwera pabenchi pamene ndinakhala ine, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Mwanawe," ananong'ona, "mng'ono wanga analakwa chiyani? Bwanji simunatiuze kuti anadulidwa?"

"Sanadulidwe, amayi. Ndi achimwene ndi alamu. Akuti ndi fashoni."

Ndinadzimva ndekha ndikutchula mawu amenewo pafupi ndi bokosi la amayi. Amayi aakulu anandiyang'ana ngati mwana amene wagwidwa akunama.

"Usandibisire, ndine munthu wamkulu. Palibe mwana angavule amayi ake yunifomu chifukwa cha zovala."

Pulasitiki ija ndinali nayo pamiyendo, chifukwa kuyambira dzulo lake ndinkangoyenda nayo ngati wamisala. Ndinaitsegula msangamsanga kuti ndiwaonetse. "Nayi, amayi, onani. Anaisita okha. Anali wa chigwirizano mpaka tsiku lomaliza."

Anagwira kolala ya bulauzi ija ndi zala ziwiri. Kenako anaibweza m'pulasitiki mosamala, n'kumanga pakamwa pake.

"Ndaona," anatero. "Anadulidwa ndithu, n'chifukwa chake yatsala."

Anabwerera ku Katete mawa lake, ndipo zimene anakanena kumudzi ndikuzidziwa, chifukwa palibe wachibale wa kumeneko amene anandifunsaponso za matenda a amayi. Amangondifunsa mozungulira ngati amayi ankagwirizana bwino ndi abusa. Ndinapempha achimwene kuti awaimbire foni amayi aakulu, awafotokozere okha. Anaseka, anati nkhalamba zizolowera.

Ine amayi aakuluwo ndimawaimbirabe. Nthawi iliyonse ndimayambanso nkhani yomweyo, kuti amayi sanalakwe kanthu, kuti linali diresi chabe. Amandimvetsera mpaka nditamaliza, samandidula mawu. Kenako amati, "Usadzivute, mwanawe. Ukuchita bwino kuwabisira amayi ako. Mulungu ndi wokhululuka."