Matumba Opanda Mapepala ku Hara

Ntchito ya ku sitolo ya feteleza anandipezera ndi alamu anga, amene anali mlonda pa sikimu ya mpunga ku Hara. Masiku amenewo bambo a ana anga anali atapita kumigodi, kalata osabwera, ine ndi ana awiri tikungoyang'anizana. Alamuwo anati, "NyaGondwe, akufuna munthu wosesa ndi kusoka matumba. Mutenge khadi la chipani, ndipo pakamwa panupo mukachepetseko."

Mkulu wa sitolo anali a Kachingwe, a ku Ntcheu. Anandipatsa tsache, singano yaikulu yopindika ndi mpukutu wa chingwe cha khonje. Lole ikatsitsa katundu, ine ndinkayendera thumba lililonse. Long'ambika ndinkalisoka, feteleza wotayika ndinkamusesa n'kumubwezera m'thumba la mtundu wake.

Mtundu wake, apo ndiye panagona nkhani. Panali fosifeti, wothira powokera mpunga, ndi salufeti, wothira mpunga utagwira kuti ubiriwire. Ine m'kalasi sindinalowemo. A Kachingwe akatchula mayina achingelezi awiriwa, makutu anga ankangomva "feti, feti," ngati mapasa obadwa tsiku limodzi. Anzanga sankavutika, poti pakamwa pa thumba lililonse panali kapepala ka dzina kosokerera. Sabata yoyamba ndinasakaniza zosesa. Kalaliki wathu, a Mwafulirwa, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mama, muzifunsa ife ophunzira!"

Ndinafunsa kamodzi kokha. Alamu anga anandiwerengera timapepala tiwiri, ine n'kupisa dzanja m'matumbamo. Salufeti ndi woyera, wosalala ngati shuga. Ukamenya thumba lake limayankha motsitsa ngati mchenga, ndipo likagwira chinyezi limazizira m'manja, kunja kwake n'kuchita mchere. Fosifeti ndi wotuwa ngati phulusa, wa timibulu, amalira tseketseke, fungo lake lowawasa. Tsiku lililonse posoka ndinkamenya thumba, kununkhiza, n'kutchula dzina chamumtima. Manja atadziwa, makutu nawo anatsatira pambuyo.

Koma mabwana a kumwamba sankaziona zimenezo. Tsiku lina a Kachingwe anandiitana. "Mayi, ku Karonga akuti pano pakhale wodziwa kuwerenga. Mwezi uno ukatha, basi. Si ine ayi, ndi akuluakulu." Ndinangoti yewo, zikomo wa kwathu, n'kukatenga tsache. Ndikanatani?

Kutatsala sabata imodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, kunabwera chimvula cha mphepo kuchokera kumapiri. Malata a sitolo anauluka ngati makoko a nthochi. Tonse, ndi alimi omwe, tinathamangitsa matumba kupita nawo ku shedi yopunthira mpunga. Ndani akanasankha mvula ili pamsana? Tinangounjika. Kutacha tinapeza timapepala tonse tasanduka phala. Matumba onse nkhope imodzi.

Panja alimi anali atafola kale. Mpunga wawo unali utayamba chikasu, ukufuna salufeti sabata yomweyo. Kuwapatsa wolakwika, kunali kuwaphera chaka. Bambo wina anakuwa, "Bwana, mpunga sudikira ofesi!" A Mwafulirwa ankangotembenuza matumba kufunafuna chilembo. A Kachingwe anati, "Timasule onse." Koma thumba lonyowa ukalimasula feteleza amasungunuka, ndipo kusokanso mulu wonsewo, singano imodzi, ndi masiku atatu.

Ndinaika tsache pansi. "Bwana, musamasule. Ndikusankhirani."

"Inu?"

"Ine ndemwe."

A Mwafulirwa anati, "Tsopano tayamba zamaula?" Anthu anaseka. Ine ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kugwada. Thumba loyamba, phaa! Lozizira. "Salufeti, uko." Lachiwiri, tseketseke. "Fosifeti, kuno." A Kachingwe anatenga kachitsulo kamphako kobayira thumba poona za m'kati, n'kumanditsata pambuyo. Abaya ili, woyera. Abaya ilo, wotuwa. Kuseka kuja kunayamba kuchepa.

Kenaka panabwera thumba lovuta, lopakika zoyera thupi lonse. A Mwafulirwa analumpha. "Ili ngakhale mwana angadziwe, salufeti!" Ndinalimenya kawiri, ndinanunkhiza pamsoko. Ndinadziwa kuti ndikaphonya apa ndapita. Ndinati, "Ayi dada. Zoyerazi lapakidwa ndi linzake limene linagona pamwamba pake. M'katimu ndi fosifeti." A Kachingwe anabaya. Timibulu totuwa tinagwera m'dzanja mwawo.

Aaa, nthungululu zake! Amayi a pamzere anandinyamula ngati mkwatibwi. A Kachingwe anaponya kachitsulo kaja pansi n'kunena, "Amene akunyamula, amvere mayiwa." Dzuwa lisanapendeke mlimi aliyense anali atasenza lake, ndipo palibe anabwerera kudzadandaula.

Mawa lake a Kachingwe anakwera basi okha kupita ku Karonga. Zimene anakanena sindidziwa, koma mwezi unatha, wina unatha, ine ndili pomwepo mpaka ana anga anamaliza sukulu. Wantchito aliyense watsopano, kaya wabwera ndi satifiketi, ankayamba wagwada pambali panga, atatsinzina, dzanja pathumba.

Sukulu ndi yabwino, zidzukulu zanga ndimazikakamiza ndi ndodo. Koma ndimaziuzanso kuti chinthu chimene ukudyerapo usamachidziwe dzina lokha. Chigwire, chinunkhize, uchimve kulira kwake.