A Sambani ndi Ndowa Yawo

Achimwene anga ndi telala, koma mumsewu mwathu onse amangowati a Sambani. Dzinali linabwera mwana wawo wamkazi atapezeka kuti asilikali a m'magazi mwake ndi ochepa, moti kachimfine komwe ife timangomina n'kuiwala, iye kakhoza kumugoneka m'chipatala. Tsiku lomwelo anatulutsa makina osokera kupita nawo pakhonde, pakhomo n'kuikapo ndowa ndi sopo. Kaya ndiwe kasitomala, kaya abusa, samba kaye. Wotsokomola ankathera panja.

Anandibwezapo ine, mlongo wawo wa bere limodzi, chifukwa choyetsemula kamodzi kokha. Zinandiwawa, sindibisa. Ndinawauza kuti mwana si dzira. Iwo anangoti zikomo, chitseko n'kutseka.

M'thumba la malaya, momwe munkakhala choko, munalowa choyezera kutentha kwa thupi. Lachisanu lina masana, ali pakati posoka diresi la ukwati, mwanayo anati akumva kuzizira. Atamuyeza, chinawerenga 38. Mayi a mkwatibwi anali pomwepo kudikira diresilo, ukwati uli mawa lake. Tonse tinati amumwetse panado ayambe aona, ndipo amene analongolola kwambiri ndine.

"Panado amabisa moto, sauzimitsa," anatero achimwene. "Adokotala anati thupi likangotentha, lisathe ola tisanafike kuchipatala."

Anasiya singano ili m'nsalu, mwana kumsana. Mayi aja anatukwana mpaka mawu kusasa, ati auza tauni yonse, koma achimwene osacheuka n'komwe. Kuchipatala anakananso kukhazika mwanayo pabenchi ya otsokomola. Anaima nganganga pakhomo la anamwino, khadi lake m'manja, mpaka anawalowetsa. Matenda anali atalowa kale m'magazi. Namwino wina anandiuza pambuyo pake kuti tikanadikira mawa, bwenzi tikukamba zina.

Diresi lija ndinamaliza ndine, mokhotakhota choncho. Makasitomala ena anathawadi, ndipo achimwene anati apite, nsalu sizitha m'dziko.

Mwana anatuluka patatha masiku asanu ndi anayi. Tsikulo ndinadzuka pakhosi pakundikanda pang'ono, kanthu koti palibe akanadziwa. Ndinayenda mpaka pandowa paja, sopo ndinagwira ndithu. Kamtsikanako kanandiona pawindo, nkhope yonse mano okhaokha.

"Azakhali, lowani!"

Achimwene anali atatsegula kale chitseko. Ndinabwezera sopo pamalo pake, n'kubwerera chafutambuyo, kukamubayibitsa ndili pamsewu.