Mphuno ya a Tcheyamani

Ndine ndinayambitsa, ndipo musadikire kuti ndipepese. Wofuna kupepesedwa apite kwa anthu a pamsika wa Benga, amene anaseka mpaka kugwira nthiti, koma tsiku la mlandu onse n'kusanduka ogontha.

Ndinachoka kwathu atandichotsa sukulu ndili Fomu 3. Mlandu wake unali mlamba. Ndinauika m'kabati ya ahedi, pamwamba pa mayeso athu a masamu, Lachisanu masana, ndipo iwo anatsegula kabatiyo Lolemba. Bambo anga, mphunzitsi pa pulayimale ya mishoni, sanandimenye. M'moyo wawo wonse anali asanandimenyepo, komanso ndinali ndisanawaonepo akuseka. Anangoti, "Lameki, ndakulephera." Mawuwo anandiwawa kuposa chikoti, moti ndinauza amayi kuti ndikupita ku Lusaka kwa amalume a Yotamu, telala. Amayi anandimangira mpunga m'kathumba nati, "Ukatseke pakamwapo. Kumeneko kulibe bambo ako oti azikupepesera."

Ku Lusaka ndinkagona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Ntchito yanga inali kusita ndi kusokerera mabatani, malipiro ake chakudya. Anyamata a m'komboni ankandiseka kalankhulidwe, ankati ndimalankhula ngati wansembe. Lamulungu ndinkayenda mtunda wautali kufuna pamalo poti maso aone madzi, osapapeza. Makalata opita kwathu ndinkalemba mizere itatu, poti tonse tinkadziwa kuti kalata imawerengedwa ndi anthu awiri isanafike kwa mwini wake. "Ndili bwino. Amalume ali bwino. Mvula yagwa." Zoti ndinkalira ndikamva fungo la mpunga wa eni ake sindinalembepo.

Koma kunali chinthu chimene kwathu kunalibe, dziko lonse: wailesi ya kanema. Lachitatu lililonse tinkadzazana pawindo la aneba kuonera sewero la nthabwala la mwini nyumba za lendi ndi anthu ake. Wolemba sewerolo, a Sakala, ankasoketsa majekete kwa amalume. Tsiku lina anandipeza ndikuwaseketsa amalume potsanzira a Kachingwe.

A Kachingwe ndi tcheyamani wa chipani kwathu. Amaima pachipata cha msika, ndipo wopanda khadi la chipani la chaka chimenecho salowa. Vuto ndi lakuti sadziwa kuwerenga. Ndiye anapeza nzeru: ankanunkhiza. Khadi latsopano limamveka inki, lakale limamveka thukuta. Ankaligwira ndi zala ziwiri, kutsinzina, kukoka mpweya kawiri, kenako n'kugamula. Amayi anga anawabwezapo ndi dengu la mpunga pamutu, ulendo wa maola awiri, chifukwa khadi lawo latsopano linagona pafupi ndi usipa. Tsiku limenelo ndinalipo, ndipo palibe pamsika ponse anatsegula pakamwa.

"Iwe mfana," anatero a Sakala, jekete lili dzanja limodzi, "tachitanso."

Ndinachitanso. Mawa lake ndinali m'nyumba mwawo.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere: ine ndinkaima pakati pa chipinda n'kumachita, iwo ali pamakina otaipira, ndudu pakamwa. Tsamba lililonse linkafunika poseka patatu, pakachepa ankalikhwinyata n'kuliponya. Ndipo anali ndi lamulo limene ankalinena ngati vesi: "Sintha dzina, sintha mudzi, sintha ntchito. Koma khalidwe la munthuyo usalikhudze, nyama ili pamenepo." Motero a Kachingwe anasanduka mwini nyumba wonunkhiza malisiti a lendi. Lachitatu lotsatira komboni yonse inagwa pansi ndi phwete. Ine maso anali pa mayina otuluka kumapeto. Linatuluka la a Sakala, la wojambula, ngakhale la wonyamula mipando. Langa ayi.

"Nanga ine, bwana?"

"Dzina limadyedwa? Nayi ya nsapato."

Nsapatozo ndinagula, koma mtima sunakhale pansi. Ndipo apa ndi pamene ndinapusa. Ndinkati poti ku Benga kulibe kanema, nkhani ithera ku Lusaka konko. Ndinaiwala kuti Lusaka wadzaza anthu a ku Nkhotakota, ophika, alonda, atelala, ndipo pa Khrisimasi onsewo amakwera basi. Choipitsitsa, poti kanemayo anandimana dzina, ndinkadzilengeza ndekha. Aliyense wakwathu ndinkamuuza, "Mphuno ija mwaizindikira? Ndine ndinabwera nayo." Amene anaseka koposa anali a Jafali, mlonda wa ku Mwadzama. Anandigulira chakumwa, nati ndine mwamuna.

Itapita Khrisimasi ndinalandira kalata ya mlongo wanga Esinati. Sinadzere ku positi, inabwera m'nsapato ya munthu. "Bambo awaimitsa ntchito. Akuti mwana wawo akunyoza dziko kunja. Kukubwera bwana wa ku boma kudzamva mlandu. Ukapanda kuonekera, atenga iwo." Aliyense wakwathu amadziwa kuti wotengedwa pa mlandu wotere sauzidwa tsiku lobwerera.

Ndinathamangira kwa a Sakala kuti andilembere kalata yonena kuti sewerolo ndi lawo ndipo likunena za lendi basi. Sanachotse n'komwe zala pamakina.

"Ine ndimalemba zoseketsa, mfana, osati za milandu ya m'dziko la eni. Komanso dzina lako silili paliponse. Ukuopa chiyani?"

Munthu ameneyu anadya mphuno ya a Kachingwe milungu isanu ndi umodzi. Atatuluka kukagula ndudu, ndinatenga kapenta wonyowa, usipa wa kumeneko, ku khitchini kwawo n'kumukankhira bwinobwino pansi pa zilembo za makinawo, kumene chala sichifika. Poti amakonda za fungo.

Nditatsika basi pa Benga, anthu amene anandiona ndikukula ankayang'ana kumbali. Esinati ndiye anandifotokozera. A Jafali atafika, anaonetsa sewero lonse pamowa. Pasanathe sabata, aliyense pachipata ankayamba wanunkhiza khadi lake asanalipereke, nkhope ili gwa. Ana a sukulu ankanunkhiza masileti. Mkulu wina wa mpingo ananunkhiza buku la nyimbo. Anthu anasangalala mwezi wathunthu. A Kachingwe atatulukira, anafunsa kuti mwini nthabwala ndani, ndipo msika wonse unaloza nyumba imodzi. Kuyambira pamenepo palibe anaponda pakhomo pathu, ngakhale kudzapempha moto.

Mlandu unachitikira pabwalo la sukulu ya bambo. Bwana wa ku boma anakhala pampando wa ahedi, anyamata a chipani kumbuyo kwake, galimoto ili poteropo. A Kachingwe analankhula nthawi yaitali za ana osayamika. Mboni yawo inali a Jafali, omwe aja a chakumwa.

"Inu munaona ndi maso," anatero bwanayo. "Ife kanema tilibe. Tationetsani chimene chinachitika."

A Jafali anatulutsa khadi. Analigwira ndi zala ziwiri, anatsinzina, anakoka mpweya kawiri. Ndinaona amayi ena akuluma nsonga ya chitenje.

"Basi?" anafunsa bwanayo. "Ndiye dziko lanyozedwa pati? Alipo kuno amanunkhiza khadi?"

Anthu mazana, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi.

"A tcheyamani, mwina ine sindikumva. Nali dandaulo lanu, tatiwerengerani pamene pali chipongwepo."

A Kachingwe analandira pepalalo ndi zala ziwiri. Ndipo dzanja, poti linazolowera, linayamba lokha ulendo wopita kumphuno. Linafika pachibwano, n'kuima.

Ndinaphulika. Ndekha, pabwalo lonselo. Ndinayesa kutseka pakamwa, kuseka kunatulukira m'mphuno.

Nkhope ya bwanayo inasintha. "Za dziko sindikuziona. Koma mwana uyu alibe mwambo. Mukwezeni, akauphunzire kwathu."

Anyamata awiri anali atandigwira kale mikono pamene bambo anaimirira. "Bwana, pepani. Mwambo ndi ntchito yanga, ndipo amene analephera ndine. Ndiloleni ndikonze pano, inu mukuona." Sanadikire yankho. Anathyola nthambi ya bwemba, anandigonetsa pabenchi ya Sitandade 1, n'kundikwapula zikoti khumi ndi ziwiri. Sanandinyengerere ngakhale chimodzi, chifukwa ankadziwa kuti chikoti chofewa chindikweza galimoto. Bwanayo anayang'ana wotchi yake nagamula: mnyamata asese msika miyezi itatu, aphunzitsi abwerere m'kalasi Lolemba.

Tsopano ndikusesa. Ndipo tamverani anthu akwathu. Omwe aja anaweramitsa mitu amandipeza ndi tsache langa n'kumandinong'oneza, "Lameki, tachitako pang'ono ija ya pachibwano." A Jafali anafika mpaka pondipatsa nthochi. Ndinawauza kuti akainunkhize kwawo. Ndinapita ku Lusaka kukaona anthu ochita masewero m'kabokosi, osadziwa kuti akatswiri ndawasiya pa Benga: munthu kuseka mwezi wathunthu nkhope osagwedezeka, kenako kulumbira kuti sanaseke. Kanema angatiphunzitse chiyani ife? Chimene ndimakwiya nacho si chikoti. Ndi chakuti pa anthu mazana aja, woimirira anali mmodzi, yemwe sanasekepo n'kamodzi komwe.

Kapena ndinene kuti anali asanasekepo. Lolemba lija mthenga anabweretsa kalata yobwezera bambo pantchito. Ine ndinali chafufumimba pamphasa, poti kukhala pansi kunali kusanatheke. Bambo anavala magalasi, anayang'ana kukhomo, anayang'ana kuwindo. Kenako anagwira kalatayo ndi zala ziwiri, anatsinzina, n'kukoka mpweya kawiri.

"Ya chaka chino," anatero.

Amayi anathawira kuseri kwa nyumba, chitenje kukamwa. Ine ndinaseka mpaka mabala onse khumi ndi awiri anadzuka.

Kusesako sindikudandaula. Ndimayambira kuchipata, kumene a Kachingwe tsopano amagwira khadi patali ndi nkhope, mkono wonse atautambasula, n'kulola aliyense kulowa, kaya khadilo ndi la liti. Miyezi itatu ndi yochepa. Kaimidwe katsopanoka sindinakagwire bwinobwino.