Kamushafuti Yaukali ya a Khutu

Pagalaja ya njinga zamoto ya kuseri kwa msika pali mpando wakale wa galimoto, wong'ambika pakati, ndipo a Khutu amadana nawo ngati ndi munthu. Anawaikira ndi mwana wawo wamkazi chaka chimene bondo lawo lakumanja linayamba kukana kupindika. Anati, "Bambo, muzikhala apa muzitiyang'anira." Kuyang'anira chiyani? Munthu wagwira sipanala zaka makumi anayi, zala zake zinachita kuda mpaka sopo anazilephera, ndiye lero aziyang'anira ngati mlonda? A Khutu ankalolera kuimirira tsiku lonse, bondo likuwawa, kusiyana n'kukhala pamenepo.

Dzina loti Khutu silinangobwera. Njinga ikamalowa pageti, iwo ankatchula matenda ake mwiniwake asanazimitse n'komwe. "Pulagi imeneyo." "Tcheni chamkati chakhwefuka." Ankatsegula, n'kupezadi momwemo. Mwana wawoyo anakulira pakati pa mabawuti ndi oyilo, ndipo zonse zimene akudziwa anazitola m'manja mwa bambo ake. Koma tsopano makasitomala ankafika, kuwapatsa moni a Khutu mwaulemu wonse, kenako n'kufunsa maso ali kuseri kwa mutu wawo kuti, "Amakaniko alipo?" Funso limenelo linkawalasa pamtima tsiku ndi tsiku.

Pakona ya galajayo, pansi pa masaka, panagona njinga yawo. Inali yakuda, yolemera, ya silinda imodzi, yolizira ndi mwendo. Anakwatira ali nayo, ndipo ndi yomweyo inathamangitsira mkazi wawo kuchipatala tsiku lobadwa mwanayu. Mkaziyo atamwalira, njinga nayo inangokhala chete zaka zisanu ndi zinayi. Fakitale imene inkapanga mtundu umenewo inatsekedwa kalekale. Pisitoni ndi mavalavu munthu ukhoza kusakasaka n'kupeza zofanana nazo, koma hedi, mutu wa injini uja, sungaipeze ngakhale utayenda mpaka nsapato kutha.

Tsiku lina kunabwera munthu wogula zitsulo zakutha. Anavundukula saka ndi phazi, ndi phazitu, n'kufunsa kuti, "Chitsulo ichi mukuchisungiranji, madala?" A Khutu anamuthamangitsa ndi sipanala m'manja mpaka pamsewu. Pobwerera anakoka njinga ija n'kuiimika pakati pa galaja. Analumbira kuti aimanga okha, popanda dzanja la munthu wina, ndipo adutsa nayo pakati pa msika anthu amve kuti Khutu sanafe.

Milungu isanu anaigwira ntchito imeneyo. Anatsuka chilichonse ndi palafini, anaika pisitoni yatsopano ndi maberingi atsopano, magalasi ali pamphuno, akutukwana bawuti iliyonse yochita dzimbiri. Chinatsala ndi kamushafuti. Kameneka ndi kamtengo kachitsulo kokhala ndi zotupa zooneka ngati mazira, zimene zimakankha mavalavu kuti injini ipume. Mazira akakhala aatali, valavu imatseguka kwambiri n'kuchedwa kutseka, ndipo injini imameza mafuta ambiri n'kulusa. Yakale ija inali itaperepeseka, mazira ake atasalala.

Wamasipeya, bambo wa pakamwa pokoma amene ankawabweretsera zida, anabwera nazo zitatu n'kuziyala panyuzipepala. Ina inali yofatsa ngati yakale ija, ina yapakati, ina yaukali ya anthu a mipikisano. Mwana wamkazi uja anapukuta m'manja n'kubwera kudzaona.

"Bambo, tengani yapakatiyi," anatero. "Yaukaliyo mphamvu zake zimabwera injini ikakuwa kwambiri. M'tauni muno mukuwira pati? Pamaloboti izizima, ndiye bondo lanulo lizimenya kiki kangati?"

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo a Khutu ankadziwa, pakuti iwo omwe anawauzapo makasitomala ambirimbiri mawu omwewo. Mwina akanamvera. Koma wamasipeya, pofuna kuthandiza, anaika mlomo wake. "Kunena zoona, kwa achikulire ngati inu, yofatsayi ndiye saizi yanu. Muziyenda pang'onopang'ono, kukaona adzukulu."

Basi, anawononga zonse. A Khutu anatola yaukali ija n'kuiika m'thumba la ovolosi. "Achikulire ndi agogo ako," anatero. Mwana wawo anamuyang'ana wamasipeyayo ndi diso loti akanakhala galasi akanasweka.

M'mawa mwake a Khutu anapeza kachitini pabenchi pawo. Munali dongo lofewa, pambali pake lezala. Iwo anadziwa kuti waika ndi mwana wawo.

Dongo linali lamulo la pagalaja imeneyo, ndipo analikhazikitsa ndi iwo omwe. Ukasintha kamushafuti, umamata dongo pang'ono pamwamba pa pisitoni, kupaka oyilo, kutseka hedi, n'kuzunguza injini ndi dzanja kawiri. Kenako umatsegulanso, kudula dongolo ndi lezala n'kuona pamene valavu yadinda. Likapyapyala kuposa ndodo ya machesi, ndiye kuti valavu ndi pisitoni zidzagundana injini ikathamanga. Ndi ntchito yotopetsa, kumanga n'kumasulanso, koma a Khutu sanalolepo injini kutuluka pageti popanda kuyeza. Mwana wawo yemweyo, ali ndi zaka makumi awiri, anamumasulitsa injini yonse tsiku lina chifukwa chodumpha dongo, akulira misozi, makasitomala akuonerera.

Lero dongo lomwelo linawanunkhira chipongwe. Anakankha chitinicho ndi chigongono mpaka chinakagunda khoma.

"Ukundilembetsa mayeso, eti?"

"Ayi, bambo. Koma hedi imeneyo munaipala kawiri. Mpata wachepa, ndipo mazira a iyi ndi aatali."

"Ndinaipala ndine, ndikuidziwa ndine! Iwe unali kuti? Unali kumbuyo kwa mayi ako!"

Mumtima anadzidzimuka, chifukwa iwo ankakumbukira kupala kamodzi kokha. Kachiwiriko anakakumbukira pomwepo, chaka chimene injini inatentha paulendo wa kumaliro. Koma pabenchi yodikirira panali makasitomala awiri, makutu ali tcheru, mmodzi akumwetulira. Kutola chitini chija pamaso pawo kukanakhala kuvomera kuti galaja ili ndi makaniko mmodzi, ndipo si iwo. Anatseka hedi, kumanga mabawuti, n'kuzunguza injini ndi dzanja. Inazungulira bwinobwino osakodwa. Anamuyang'ana mwanayo monyada, chikhalirecho ankadziwa kuti dzanja limanama, pakuti chitsulo chikatentha chimatalika ndipo valavu ikathamanga imachedwa kubwerera.

Loweruka m'mamawa, dzuwa litakwera pang'ono, anaitulutsa pabwalo. Mbiri inali itamveka. Anabwera wowotcherera zitsulo wa pafupi, telala, wamasipeya uja ndi ena ongodutsa. A Khutu anatsegula mafuta, kukwera, n'kuponda kiki. Bondo linalira, injini ayi. Anapondanso, thukuta lili kamukamu. Kachitatu inagwira.

Abale, inalira! Inkagunda modukizadukiza, mwaukali, malata a galaja akunjenjemera. Telala anaimba mluzu. A Khutu anamva magazi akuthamanga m'thupi ngati ali ndi zaka makumi atatu, ndipo anasangalala, zoonadi anasangalala. Mwana wawo anakweza dzanja kuti aisiye itenthe pang'onopang'ono. Dzanja limenelo ndi limene linawapsetsanso mtima. Anapotokola mafuta mpaka kumapeto.

Injini inakuwa, kenako panamveka ng'a! Kamodzi kokha. Inatsokomola n'kuzima.

Ena anaganiza kuti mafuta atha. A Khutu sanafunike kuuzidwa. Khutu lawo linali litawauza kale kuti ndi valavu yotulutsa utsi, ndipo yamenya pisitoni. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anasiya. Wamasipeya ndiye anasowa ngati sanabwere n'komwe.

A Khutu anaikankhira mkati njingayo okha, akutsimphina, osalola munthu kugwira. Anatukwana wamasipeya, anatukwana zitsulo za masiku ano, anatukwana bondo. Mwana wawo anangotseka geti n'kuima chapatali.

"Nena!" anakalipa a Khutu. "Nena kuti unandiuza!"

"Ndinene chiyani, bambo? Tsegulani tione."

A Khutu anamasula hedi. Valavu inali itapindika ngati chala chokodola munthu, ndipo pisitoni yatsopano ija inali ndi chipsera pamwamba. Zimenezo n'zogulika. Nkhani inali pa hedi. Anaipukuta, kupita nayo pakhomo pamene pali kuwala, kukweza magalasi, kuwatsitsa, koma maso ankangoona mbuu. Anaima nthawi yaitali, kenako anaitambasulira kwa mwanayo osamuyang'ana.

Iye anaitembenuza uku ndi uku, kuunika ndi tochi, kupukutanso. Nkhope yake inamasuka. "Ilibe mng'alu, bambo. Yapulumuka. Tigula valavu ina, tiika yapakati ija, Loweruka likubwerali muyenda."

A Khutu anafuna kukhulupirira, ndipo palibe akanawatsutsa. Koma chizolowezi cha zaka makumi anayi sichimva. Anatenga waya, kukoloweka hediyo m'malere, n'kuigogoda ndi sipanala yaing'ono. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, mawu n'kumapitirira. Ichi chinangoti pho. Anagogodanso mbali ina, khutu ali nalo pafupi, maso atatsinzina. Pho.

"Yang'aluka," anatero.

"Bambo, ine ndayang'ana paliponse."

"Ndati yang'aluka! Pafupi ndi njira ya valavu, mkati. Thira palafini uone."

Mwanayo anathira palafini, kupukuta, n'kuwaza choko chopera. Anadikira. Pang'onopang'ono pachoko choyeracho panatuluka kamzere konyowa, kopyapyala ngati tsitsi, kuchokera panjira ya valavu mpaka pabowo la pulagi, malo amene ngakhale wowotcherera waluso sangawagwire. Mwanayo anaika hediyo pabenchi mosamala, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Njinga imene inamutengera kudziko ali m'mimba inali itafa, ndipo woipha ndi amene anaimva yekha kuti yafa.

A Khutu sanalire. Anali okwiya kwambiri moti misozi inalibe podutsa, ndipo tsopano panalibenso wina womukwiyira. Anapita kukhoma n'kutola kachitini kaja. Dongo linali litauma gwa. Anayenda motsimphina mpaka pampando wong'ambika uja, n'kukhalapo popanda wowauza. Anathira madzi a m'kapu yawo m'chitinimo n'kuyamba kukanya ndi chala chachikulu.

Mwanayo anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi. "Pali injini ya kasitomala wodzaitenga Lolemba, ndaisintha kamushafuti," anatero motsitsa mawu. "Sindinayezebe."

"Usaigwire," anatero a Khutu, osadzutsa mutu. "Ndiyeza ndine. Iwe maso ako aja anati hedi ilibe mng'alu."