Tsitsi la Anthu M'mimba mwa Dona

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, Che Saidi, ndimamva fungo la nyumba za anthu ena: fumbi lofunda, ubweya wa galu wa mzungu amene anafa kalekale, kafungo ka tsabola wa kukhitchini kwa amwenye a ku Limbe, zonsezo zitasakanikirana ndi girisi wa m'zala zawo pakhonde pamene ankakhala m'mawa uliwonse, magalasi ali pamphuno, akupala chitsulo ndi phulusa ndi ndimu mpaka chiyambe kuonetsa nkhope.

Agogo a anzanga ankaweta mbuzi. Anga ankaweta makina oyamwa fumbi.

Kwa amene simunawaonepo, ndi chithini chonenepa choyenda pa timatayala, chokhala ndi payipi ngati chitamba cha njovu, ndipo ntchito yake ndi kumeza fumbi la pakapeti. Kwathu, panjira ya ku Utale mukangotuluka m'tauni ya Balaka, kapeti kunalibe, magetsi kunalibe, ndipo pansi pa nyumba yathu panali pozira. Anganga, mkazi wawo, ankaima pakhomo n'kumayang'ana gulu lonselo litandandalikidwa padzuwa.

"Makina odya dothi m'nyumba ya dothi," ankatero. "Akadzayamba, adzalekera pati?"

Agogo anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri ku Zomba ndi ku Limbe. Makina oyamba anapatsidwa atasiya kale kugwira ntchito, monga mmene mabwana ena amathokozera. Enawo ankawasaka kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kubwera nawo pasitima kudzera ku Nkaya atawanyamula pamwendo ngati khanda. Payipi yong'ambika ankaimanga ndi malegeni. Timakala ta mu mota ankasema kuchokera m'kati mwa mabatire akutha a tochi. Thumba la m'kati, losungira fumbi, ankasoka okha kuchokera ku thalauza la khaki, ndipo thalauza lina linalowa ntchito imeneyi amalume akulifunabe. Onse anali ndi maina, koma wokondedwa anali Dona, wobiriwira, wam'chiuno mwasiliva, amene ankapukutidwa kuposa ife adzukulu.

Vuto linali limodzi. Munthu akakonza chinthu amafuna achimve chikulira, ndipo soketi yapafupi inali m'babashopu ya Yusufu, mnyamata wometa anthu pamsika. Anagwirizana bwinobwino: Yusufu apereke magetsi, agogo amuyeretsere pansi. Loweruka lililonse tinkamangirira Dona panjinga, ine n'kumatsatira ndi payipi m'khosi. Ndinapitako ku koleji, ngakhale ndinabwerako msanga kuti ndisawatopetse aphunzitsi, choncho mawu anga muwalandire ngati a munthu wophunzira theka: palibe nyimbo imene inandikomerapo ngati kulira kwa Dona tsiku loyamba. Anayamba ndi kutsokomola, kenako anakuwa ngati ndege, ndipo tsitsi lonse la pasimenti linathamangira lokha m'payipi. Ana anadzaza pawindo. Agogo anangotseka maso n'kumamvetsera.

Atamaliza, anakulunga waya, n'kukweza Dona panjinga osakhuthula thumba.

Apa m'pamene panagona nkhani. Kumene anagwira ntchito anaphunzira lamulo limene ankalisunga ngati swala ya kumzikiti: zinyalala za bwana sizikhuthulidwa pamaso pa bwana. Umapita nazo kuseri. Ndiye agogo ankapita nalo tsitsilo kunyumba, n'kukaliwotcha kudzala kuseri kwa bafa, mwaulemu wonse. Koma kwathu kuno tsitsi si zinyalala wamba. Munthu akameta amafuna adziwe kumene lapita, chifukwa aliyense anamvapo zimene anthu oipa mtima amachita nalo. Tsono taganizani: nkhalamba yobwera, mkamwini wopanda mbale pamudzi, ikusonkhanitsa tsitsi la msika wonse m'chithini chokuwa, ndipo madzulo kuseri kwa nyumba yake kukutuluka utsi wonunkha mutu wa munthu.

Agogo okha ndi amene sanaone cholakwika.

Zinayamba pang'onopang'ono. Moni anafupika. Kumzikiti, amene ankaima pafupi nawo pamzere anayamba kusiya mpata woti n'kudutsa mbuzi. Mandasi a anganga ankabwerera momwe anapitira. Tsiku lina masana mwala unagwa padenga, ndipo mkazi wina anauza anganga kuchitsime kuti anyamata akukambirana zodzatentha chipinda cha makina ndi kuperekeza mwini wake kusiteshoni. Mawu akuti mfiti sanatchulidwe pamaso pathu, koma ankamveka bwino lomwe.

"Amuna anga," anatero anganga, "mukutha nzeru kapena mwatha kale? Mukutenga mitu ya anthu."

"Ndikutenga zinyalala."

"Loweruka mukazikhuthulire pomwepo, aliyense akuona."

"Iyayi. Umenewo ndi mwano."

"Mwano ndi kukwera sitima usanafune. Ndipita nanu."

Loweruka limenelo tinapeza pababashopu padzaza anthu, koma wometetsa panalibe. Yusufu anali atatsamira chitseko, akuoneka ngati akufuna atakhala wa ntchito ina. Patsogolo panaima Che Amidu, wogulitsa mbuzi, munthu wa mawu aakulu ndi chisoti choluka.

"Che Saidi, ife tabwera mwamtendere," anatero, m'manja muli chibonga cha mtendere. "Chiyambireni inu kutenga tsitsi lathu, mbuzi zanga zikutsekula, mutu ukundiwawa, ndipo mayi a kunyumba akundiyankha. Tikufuna tsitsi lathu."

Agogo anayang'ana Dona, n'kuyang'ana anganga. M'thumba munali tsitsi la Loweruka lapitalo, chifukwa anganga anali atabisa machesi. Kenako, ndi nkhope ya munthu amene akuvula pamsika, anayala chiguduli pansi, anamasula zotsekera, natulutsa thumba la khaki n'kulikhuthula. Panatuluka mulu wakuda wofewa ngati mphaka wogona, ndi batani, mano a chipeso, ndi mtedza umodzi.

"Nali," anatero. "Aliyense atenge lake."

Anthu anasendera. Akuluakulu a ndevu zawo anayamba kuyesetsa kuzindikira tsitsi lawo pakati pa la anzawo. Mphunzitsi wina anatola katsitsi, anakayang'ana padzuwa, n'kukabwezera. Che Amidu anawerama kwambiri kuposa onse, ndipo chisoti chinagwa. Mutu umene unaonekera unali wosalala ngati dzira, wonyezimira kuposa chiuno cha Dona.

"Che Amidu," anatero anganga mofatsa, "inu mukufuna liti? Lanu linachoka ine ndisanabereke mwana woyamba. Kapena makinawa amayamwa ndi la m'mbuyo?"

"Ndimameta ndevu," anatero Che Amidu.

"Ndevuzo ndi zimene zili pachibwanozo?"

Wina anaseka kumbuyo, n'kudzigwira, koma zinali zitachedwa. Komabe kuseka sikuchotsa mantha, ndipo agogo anadziwa. Panali mayi wina amene sanaseke, atagwira dzanja la mwana wake wometedwa kumene, wowonda ndi malungo. Agogo anamuyang'ana, kenako anakakhala pampando wometera n'kuvula chisoti chawo.

"Yusufu, ndimete. Mpala."

Tsitsi loyera linagwa pasimenti ngati thonje la ku Ngokwe. Anadzuka, anayatsa Dona, anayamwa tsitsi lawolo, n'kulikhuthulira pamwamba pa mulu uja. Anasakaniza ndi dzanja mpaka loyera ndi lakuda zinalowana.

"Mayi," anatero, "langa lili pamodzi ndi la mwana wanu. Chimene chingamugwere iye chiyambire ine. Machesi ali ndi akazi anga. Yatsani nokha, ndipo mukatha mupite naye kuchipatala, ndikukwezani panjinga."

Mayiyo anayatsa. Msika wonse unanunkha, ogulitsa usipa anatukwana, ndipo anthu anabalalika akutsina mphuno, aliyense akufotokozera mnzake kuti iye sanakhulupirirepo zimenezo. Agogo anakweza mayi ndi mwana panjinga. Dona anatsala wopanda thiransipoti, ndipo amene anamusenza mpaka kwathu anali Che Amidu, pamutu, popanda nkhata. Panjira anandifunsa ngati makinawa angathe kuchotsa nthata pa mbuzi.

Kuyambira pamenepo thumba linkakhuthulidwa pakhomo pa babashopu, poyera, ndipo wofuna ankapatsidwa tsitsi lake m'kapepala. Makasitomala a Yusufu anachuluka, chifukwa akatha kumeta agogo ankawadutsitsa payipi m'khosi, ndipo amuna a ndevu zawo ankaseka ngati makanda. Mpata wa kumzikiti unatsekeka. Agogo okha ndi amene sanakhutire. Nthawi iliyonse akamakhuthula ankatembenukira kukhoma, n'kumang'ung'udza kuti dziko latha ulemu.

Atakalamba kwambiri, miyendo itakana njinga, magetsi anali atafika kwathu, ndipo wowameta ndinali ine, pakhonde. Ulendo womaliza anandiuza kuti ndiyatse Dona ndiyeretse, chifukwa munthu sasiya ntchito yatheka. Ndinayatsa, iwo anatseka maso. Patangopita masiku ochepa tinawaika m'manda.

Makina enawo abale anagawana, ndipo ndamva kuti wina amaikiramo nkhuku. Dona ali ndi ine ku Liwonde, m'chipinda cha lendi, ndipo amalirabe bwino ndikamupatsa timakala tatsopano, ngakhale sindimuyamwitsa kanthu. Thumba lake sindinalikhuthule chiyambire tsiku lija. Muli tsitsi loyera lodzaza dzanja limodzi. Ndikudziwa bwino lomwe dzina limene kwathu amapatsa munthu wosunga tsitsi la mnzake m'nyumba. Amene akufuna abwere ndi chibonga chake. Ili lokha sindibweza.