Madzi a mkwati m'bafa la ku Discovery Gardens

Mu 2016 ndinkakhala ku Dubai m'fulati imodzi ndi mtsikana wa ku Tidore, kachilumba ka ku Indonesia. Iye ankakonza zipinda pa hotela ina ku Business Bay. Ine, nditasiya utolankhani ku Blantyre, ndinkagwira ntchito mu ofesi chapafupi pomwepo.

Anapeza mwamuna, dalaivala wa ku Mangochi. Mayi a mtsikanayo sanavomere, sanakanenso. Ankangofunsa kuti, "Adzakusambitsa ndani?"

Kwawo, anandifotokozera, mkwati salowa m'banja asanasambitsidwe. Mwambowo amautcha hogo jako. Amayi achikulire amamuthira madzi ochokera m'nsungwi, namupukuta ndi maluwa a mtengo wa pinang, kuti tsoka lonse litsale kunja kwa nyumba yatsopano. Omuthirawo amakhala anthu amene anamuona akukwawa.

Hotela inamukaniza tchuthi. Wachikulire amene anali naye ndinali ine ndekha.

"Mama, mundisambitse ndinu," anatero.

"Ine wa ku Zingwangwa? Ndidziwa chiyani?"

"Yalla, tiyeni, Mama. Manja muli nawo."

Pinang ku Dubai kulibe. Mkwati wamwamuna anapempha maluwa a kanjedza kwa wosamalira dimba ku Al Warqa, poti inali nyengo yake. Nsungwi tinaisowa, tinatenga jagi ya pulasitiki.

Zoimbirana pavidiyo zinali zotsekedwa m'dzikomo, choncho tinaimbira mayi ake pa foni wamba n'kuiika pa sinki. Iye anakhala pa mpando m'bafa, atavala nsalu ya kwawo. Ndinathira kuyambira kumutu. Madzi a pampopi anali ofunda, akununkha mankhwala. Kutsidyako kunkamveka tambala ndi kupuma kwa munthu.

Kenako mayiwo anayamba pemphero m'chiyankhulo chawo. Analimaliza lonse. Mtsikanayo anandigwira mkono mwamphamvu, chifukwa chimenecho ndicho chinali chilolezo.

Atamaliza, mayiwo anawonjezera mawu ochepa, n'kudula foni.

Ndinamufunditsa thaulo mtsikanayo. "Ati chiyani?"

Anafinya madzi m'tsitsi.

"Ati ndikuthokozeni. Ati mwana akasambitsidwa ndi eni ake ena, ndiye kuti wapeza kwawo kwina. Chipinda changa apatsa mng'ono wanga."

Ukwati unachitika mawa lake kukhoti. Chaka chotsatira anasamukira ku Mangochi. Ku Tidore sanapitenso mayi ake ali moyo.