A Njuchi Anatsinzina Njovu Zikudutsa

Mbiri yoti a Njuchi, ometa tsitsi a mumsewu wa kumsika, analambula njira pamutu pa alamu awo inafika kumudzi eniake asanabwereko kuulendo. Zinachitika panjira yopita kupaki ya nyama. Iwo anali pampando wakumbuyo, mwana pamiyendo, makina ometera akulira pafupi ndi khutu la mwanayo kuti agone. Tayala linagwera m'dzenje, dzanja linathawa, makina n'kukatera pankhongo pa alamu amene ankayendetsa galimoto. Mzere wake woongoka bwinobwino, ngati wochita kuyeza.

"Chachitika n'chiyani kumbuyoko?" anafunsa alamu.

"Palibe, alamu. Kungoti chipewa chija chimakukhalani kwambiri. Musamachivule."

Achemwali a a Njuchi, akazi a alamuwo, sanaseke. Analanda makinawo n'kuwaponya pansi penipeni pa chikwama, ndipo sanatulukenso ulendo wonsewo.

Kuti zimveke, tiyambe ndi dzinalo. A Njuchi shopu yawo ndi kachipinda ka mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Ana amene kwina amawagwira anthu atatu pometa, kwa iwo amafika akulira n'kutuluka atanyamulidwa, dovu lili chuchuchu. Amayamba ayatsa makina kutali, n'kumawasendeza pang'onopang'ono, iwonso akung'ung'udza pakhosi ngati njuchi, mpaka mutu wa mwana uwagwere m'dzanja. Amayi ena amabweretsa ana oti anametedwa dzana. A Njuchi amangoyendetsa makinawo m'mwamba osakhudza tsitsi, mayi uja akupumako pabenchi. A Njuchi ana awoawo alibe, ndipo a miseche analeka kalekale kuwafunira mkazi.

Chimene munthuyu ankachilakalaka chinali chimodzi, kuona njovu ndi maso ake. Akabwera woyendetsa thiraki n'kuyamba zoti anakumana nazo pamsewu, sizasi inkaima m'malere, kasitomala n'kukhala ndi mutu wometa theka mpaka nkhani ithe. Choncho achemwali atati, "Achimwene, tiyeni mukapumeko," sanafunse kawiri. Aliyense ankadziwa kuti kupuma kwake ndi kukalera Sajeni, kamtsikana ka zaka ziwiri, kachitsiriza ka achemwaliwo. Dzinalo anakapatsa chifukwa kakaphonya tulo ta masana kamalamula nyumba yonse ndi mfuu, ndipo agalu a anthu oyandikana nawo amayankha.

Atafika kumalo ogona alendo, a Njuchi anaigwira ntchitoyo ngati yolembedwa. Ena akuthamangira kukhonde kukaona agwape, iwo anali kalikiliki kupachika matawulo pazenera kuti m'chipinda mukhale kamdima. Bedi la Sajeni analikokera kutali ndi chitseko. Kabulangete kake kothetheka ankayenda nako paphewa ngati malaya a udindo. Mkulu wake wa Sajeni, amene amati wakula ndipo sagona masana, anamuuza kuti, "Iwe usagone ayi. Ungondilondera mng'ono wakoyu utatseka maso." Mlondayo ndi amene ankayamba kuliza mkonono.

Ndiye panali lamulo la Sajeni mwini. Sagona ngati womugonekayo akuyang'ana. Amatukula mutu, kukupenda kumaso, akapeza diso lili tong'o basi nkhani yayambiranso pachiyambi.

Madzulo a tsiku lachiwiri ena onse anakwera galimoto ya pakiyo, a Njuchi n'kutsala chifukwa mwana anali atangogona kumene. Anabwerako akulankhula onse nthawi imodzi. Njovu padziwe, gulu lonse, zikusamba!

"Tinajambula, taonani," anatero alamu, chipewa chili chikhalire.

"Sungani foni yanuyo. Za pagalasi ndinaziona kale. Ine ndikufuna zanga."

Unatsala mmawa umodzi wokha. Sajeni tsiku limenelo anadzuka mbalame zisanayambe, ndipo pokwera galimoto anali atayamba kale kudzikoka khutu, chizindikiro choti mvula ya misozi ili pafupi. A Njuchi anasankha mpando wa mbali ya mthunzi, anamufunditsa kabulangete, kulira kwa injini n'kuwathandiza ntchito. Anadutsa mbidzi, anadutsa njiri zitaimika michira. Mwana anagona. Amalume ake khosi linali litatalika ngati la kadyansonga, maso m'tchire.

Mwadzidzidzi woperekeza alendo anakweza dzanja, n'kuzimitsa injini.

"Njovu zikubwera, zili ndi kamwana," ananong'oneza. "Zidutsa pompano. Chonde, pasamveke phokoso."

Nthambi zinayamba kuthyoka kutsogolo. A Njuchi anadzutsa mutu kuti aone. Koma pachifuwa pawo panagwedezeka kanthu. Injini itangoti zii, Sajeni anatsegula diso limodzi. Mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera. Anakoka mpweya wautali uja umene a m'banjamo amaudziwa bwino, ndipo achemwali anagwira pakamwa, akuyang'ana kwa achimwene awo ngati munthu womira.

A Njuchi anayang'ana kutchire kuja kamodzi. Masamba okha ndi amene ankagwedezeka. Anawerama, anagunditsa chipumi chawo pa cha mwana, natsinzina. Kenako anayamba kung'ung'udza chapansipansi, osati pakamwa koma m'chifuwa, kuti mwanayo amve ndi thupi.

Kadzanja kanakwera, kanawagwira chikope n'kuchitukula. Iwo anachibweza. Kanayesa diso linalo. Analimba nalo.

Ndipo zinafika. Anamva fumbi likuwathira pamkono. Anamva fungo, la khola losakhala la ng'ombe. China chinakupiza ngati munthu akukung'untha chinsalu chonyowa, ndipo anadziwa kuti ndi khutu. Pafupi penipeni panamveka kugunda kwakuya, kochokera m'mimba mwa chinthu chachikulu, mpaka mpando unanjenjemera. Dzuwa linachoka pankhope pawo, linabwera, linachokanso. Ankadziwa kuti akangosuzumira pang'ono, Sajeni ali tcheru kudikira zomwezo. Anapitiriza kung'ung'udza, misozi ikutuluka m'maso otsekawo, mpaka kadzanja kaja kanalefuka n'kugwera pakolala.

"Achimwene, dzukani muone," ananong'oneza achemwali.

Anadikirabe pang'ono, poti tulo toyamba n'tosadalirika. Pomwe amatukula mutu, mumsewu munali ndowe zofuka nthunzi ndi nthambi zikugwedera. Woperekeza uja anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawagwira paphewa n'kuliza injini.

Masiku ano nkhaniyi amaikamba okha m'shopu, ndipo amaikamba monyadira. Amati anthu ena onse aja anangoziona njovuzo, koma iwo anazimva. Amayerekeza kugunda kuja ndi pakhosi, mwana amene ali pampando n'kuyamba kuwodzera nkhani isanafike pakati. Achemwali akabwera amawabweretsera chakudya m'kontena, chinthu chimene kale sankachita, ndipo mawu oti njovu sawatchula.

Tsiku lina mayi wa saluni yoyandikana nayo anaima pakhomo, manja m'chiuno, chipeso chili m'tsitsi, n'kumvetsera mpaka kumapeto. Atatha anapukusa mutu.

"A Njuchi, ndinu opusa. Ulendo wonse uja kukanunkhiza njovu basi? Komabe Loweruka ndikubweretserani mapasa anga aja, ine ndigoneko."